Ulendo wa ku Rumphi: Ana Olankhula ndi Zochita

Munthu wochokera ku Mzuzu kupita ku Rumphi amatsata mseu waukulu wa kumpoto, napyola Ekwendeni ndi Enukweni, kufikira pafupi ndi Bwengu pamene mseu wa ku boma umapatukira kumadzulo. Pamenepo mapiri amayandikizana, ndipo mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pa mpata wa Njakwa, madzi ake ali chiphokoso pakati pa miyala. Boma limeneli lili ngati maiko atatu m'dziko limodzi. Kumadzulo kuli chigwa cha Nkhamanga, kwa fodya ndi chimanga. Kumpoto kuli mapiri ozizira a Nyika ndi a Phoka. Kum'maŵa dziko limatsetsereka mwadzidzidzi kukagwera m'nyanja. Kalembera wa chaka cha 2018 adapezamo anthu oposa 229,000, ndipo ambiri mwa iwo amalankhula Chitumbuka.

Alendo ochuluka amapita kumeneko kukaona mbidzi za ku Nyika ndi njovu za ku Vwaza. Ife tidapitako, tili anthu anai pamodzi ndi wotimasulira, kukaona ana amene alendo saŵaona kaŵirikaŵiri, popeza mlendo akamaloŵa pabwalo iwo amatsekeredwa m'nyumba. Tikunena ana amene nzeru zao zimakula mochedwa, ndi ena amene ali ndi vuto lotchedwa autism, makamaka aja odzimenyetsa mutu kukhoma, odziluma, omenya anzao, oswa ziŵiya ndi othaŵa pakhomo. Ana otere aliko kwa Chikulamayembe monga momwe aliri ku Dedza, ku Mulanje ndi m'mudzi mwanu momwemo, aŵerengi okondedwa. Tsono zimene tidaona ku Rumphi si za ku Rumphi kokha.

Choyamba tilongosole mau aŵiriŵa. Mwana wa autism amavutika kumvana ndi anthu: wina salankhula konse, wina amangobwereza mau amene wamva, amakonda kuti zinthu zizichitika mofanana tsiku ndi tsiku, ndipo phokoso, kuŵala kapena kukhudzidwa kumene ife sitikusamala, kwa iye kumakhala koŵaŵa. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, m'dziko la America, ndiye adalemba za ana 11 otere m'chaka cha 1943, ndipo mu 2022 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidayerekeza kuti mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi vutoli. Kuchedwa kwa nzeru ndi chinthu china, ngakhale kuti nthaŵi zambiri ziŵirizi zimapezeka mwa mwana mmodzi. Kuno kwathu kumadza mwa zina chifukwa cha kubadwa movutikira, matenda oumitsa khosi ndi malungo a mu ubongo. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adatsatira ana opulumuka ku malungo otere, ndipo mu 2010 adalemba kuti ena mwa iwo pambuyo pake adayamba khunyu, ena makhalidwe ovuta kuŵalamulira. M'zonsezi mulibe ufiti, mulibenso tchimo la mai wa mwanayo.

Ku Nkhamanga

Tidagona pa boma, ndipo m'maŵa mwake tidaloŵera ku Bolero, kumene kuli likulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe. Idali nyengo ya fodya, zigafa zili phaphapha ndi masamba olendeŵera. M'mudzi wina wa m'chigwamo adatilandira agogo aakazi ndi mpongozi wao, amene adatiyalira mphasa pakhonde natilonjera kuti, "Monire mose." Chapatali pang'ono padakhala mnyamata wa zaka ngati 9, akupota kachingwe pakati pa zala, osatiyang'ana n'komwe. Pa nsanamira ya khondelo padali malo osalala mozungulira, pamene nsalu idakhala ikukhula. Agogo sadabise kanthu. Adati kwa zaka ziŵiri mdzukulu wao ankamangidwa pamenepo anthu onse akapita kumunda, chifukwa ankadziluma padzanja mpaka magazi, ndipo tsiku lina adampeza ali m'mbali mwa mseu.

Banjali lidayesa zonse zimene lidadziŵa. Lidapita naye kwa sing'anga wa vimbuza, gule wa machiritso amene ngwotchuka m'boma lino ndipo bungwe la UNESCO lidamuika pa mndandanda wa miyambo yosungidwa mu 2005. Koma ng'oma zitangoyamba, mwanayo adatseka makutu nakuwa usiku wonse. Atate ake adayesa mkwapulo, poganiza kuti ndi mwano. Mwanayo ankaleka kanthaŵi, maŵa lake n'kuyambiranso moposa.

Chimene chidasintha zinthu chidali kope la kusukulu. Mlangizi wina wa zaumoyo adapempha maiyo kuti kwa milungu iŵiri asayese kuletsa mwanayo mwa njira yatsopano iliyonse, koma azingolemba zinthu zitatu nthaŵi zonse akadziluma: chimene chidachitika asanayambe, chimene iye adachita, ndi chimene anthu adachita pambuyo pake. Maiyo adatipatsa kopelo kuti tione. Tsamba lililonse lidagaŵidwa patatu ndi mizere ya pensulo, ndipo munthu wongoŵerenga masamba anai okha akadatha kuona chimene banjalo silidachione kwa zaka. Mwanayo ankadziluma makamaka dzuŵa likakwera ndiponso chakumadzulo nsima isanapse, ndipo pafupifupi nthaŵi zonse wina ankathamanga kukamtungira madzi kapena kumpatsa mbatata kuti atonthole. Mwana wopanda mau adapeza mau ake: kudziluma kudali kupempha, ndipo kupemphako kunkayankhidwa msanga kuposa njira ina iliyonse.

Tsono adamsankhira kapu yakeyake ya pulasitiki, naiika pamalo amodzi pamene angathe kuifikira. Nthaŵi ya ludzu isanakwane, maiyo ankamgwira dzanja, kumtengetsa kapuyo, kuilandira kwa iye, ndi kumpatsa madzi pompo. Adatero kambirimbiri tsiku lililonse, nachepetsa thandizo la dzanja lao pang'onopang'ono, kufikira mwanayo adayamba kubwera nayo yekha. Pambuyo pake adachita chimodzimodzi ndi mbale. Akadziluma, ankamgwira dzanja mofatsa, osakalipa ndi osalankhula zambiri, kenaka n'kumlozera kapu ija. Ife tili pomwepo mnyamatayo adanyamuka, natenga kapu, naigunditsa pa bondo la agogo ake. Agogowo adadukiza nkhani pakati, nati kwa mpongozi wao, "Amama, mwana wapempha, musamchedwetse." Zipsera zidakalipo padzanja lake, ndipo maiyo adati masiku ena amadzilumabe, makamaka akadwala, koma nsalu ija idachotsedwa pa nsanamira.

Chiyambi cha njira imeneyi

Zimene adachita mai wa ku Nkhamanga ndi zomwe akatswiri a za makhalidwe akhala akuphunzitsa kwa zaka zoposa 40. Mu 1982 Brian Iwata ndi anzake, ku Baltimore komwe kuja, adayesa ana 9 odzipweteka okha poŵaika m'mikhalidwe yosiyanasiyana: pena mwana ali yekha, pena akupatsidwa ntchito yovuta, pena wamkulu akumlankhula pokhapokha wadzipweteka. Mwa ana 6 kudzipwetekako kudaoneka kuti kumatsata mkhalidwe umodzi wodziŵika. Kuchokera pamenepo kwadziŵika kuti khalidwe lovuta limakhala ndi ntchito yake, ndipo ntchitozo zimagwa m'magulu anai. Mwana amafuna kuti munthu amsamale. Kapena amafuna chinthu, monga chakudya. Kapena akuthaŵa chinthu chomlemera, monga ntchito kapena phokoso. Kapena khalidwelo limampatsa kumva kwina m'thupi kumene kumamtonthoza. Mu 1985 Edward Carr ndi Mark Durand adaonetsa gawo lachiŵiri: mwana akaphunzitsidwa njira yosavuta yopemphera chinthu chomwecho, khalidwe lovutalo limachepa, pakuti latha ntchito.

N'chifukwa chake mkwapulo ndi chingwe sizithandiza. Zimaletsa mwana kwa kanthaŵi, koma ludzu lake likadalipo, ndipo sadaphunzire njira ina yolinenera. Ndiponso ana aŵiri angathe kuchita chinthu chofanana pa zifukwa zosiyana, kotero kuti chimene chidathandiza mwana wa mnansi wanu chingaonjezere vuto la mwana wanu. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kope lija ndilo kudekhako.

M'mapiri a Phoka

Kuchokera ku Bolero tidabwerera pa boma, tidaolokanso pa Njakwa, ndipo tidatsata chigwa cha Henga chakumpoto mpaka mseu udayamba kukwera m'mapiri a Phoka, kumene anthu amalima khofi m'minda yotsetsereka ndipo nkhungu imachedwa kuchoka m'maŵa. Kumeneko mkulu wa mpingo wina adatiperekeza kwa mlongo wake, amene ali ndi mwana wamkazi wa zaka 16. Mtsikanayo adali wabwinobwino kufikira adadwala malungo aakulu ali ndi zaka 4. Adatsitsimuka patapita masiku, koma nzeru zake sizidakule monga za anzake. Amalankhula mau ochepa, ndipo ngwansangala. Vuto lidali lakuti akatumidwa ntchito ankaponya chilichonse chimene chili m'manja mwake, ndipo tsiku lina adalasa mng'ono wake ndi chikuni pamphumi.

Pano kope lidaonetsa zosiyana ndi za ku Nkhamanga. Mtsikanayo sankapempha kanthu; ankathaŵa. Mai ake ankati, "Sesa pabwalo, utsuke mbale, kenaka ukatunge madzi," zonse m'mpweya umodzi, ndipo iye pokanika kusunga mau onsewo m'mutu ankaponya tsache. Akatero ankauzidwa kuti achoke akakhale uko, ndiye kuti wapumula. Mosadziŵa, banjalo linkamlipira chifukwa cha kuponya.

Mphunzitsi wina wa ana ovutika kuphunzira adaŵalangiza zinthu zitatu. Ntchito izituluka imodziimodzi, m'mau aŵiri kapena atatu, ndipo wotumayo ayambe waichita yekha mtsikanayo akuona. Ntchito yaikulu idulidwe tizigawo: mbale zitatu zokha poyamba, osati dengu lonse. Ndipo mtsikanayo aphunzitsidwe kunena kuti watopa, pokweza dzanja, ndipo akatero apatsidwe mpumulo waufupi, kenaka abwerere kudzamaliza. Akaponya chinthu, ntchito isachotsedwe. Adikire mtima ukhale pansi, aitsirize ngakhale mbale imodzi, ndipo ayamikiridwe pomwepo, osati madzulo.

Malume akewo adatiuza mau amene tifuna kholo lililonse liŵasunge. Adati mlungu woyamba zinthu zidaipiraipira, mtsikanayo adaponya kuposa kale, ndipo mlongo wao adatsala pang'ono kuleka. Zimenezi akatswiri amazidziŵa bwino: njira imene idakhala ikugwira ntchito ikaleka kugwira, munthu amayamba waiyesa mwamphamvu asanaitaye, monga momwe timagogodera kwambiri pa chitseko chimene kale chinkatsekulidwa msanga. Amene agonja pa mlungu umenewo waphunzitsa mwana kuti kuponya kwambiri ndiko kumathandiza. Chifukwa chake a pabanja onse, agogo, atate ndi ana omwe, ayenera kupangana ndi kuchita chimodzi. Pa nyengo yothyola khofi mtsikanayo tsopano amapita nao kumunda ndi kachitini kake, nathyola zipatso zofiira zokhazokha, ndipo malume ake adati pa ntchito ya kusankha zofiira palibe womposa pabanjapo.

Pa Khondowe

Tidafika ku Livingstonia dzuŵa litapendeka. Dr Robert Laws adasamutsira mishoni pa phiri la Khondowe limeneli mu 1894, atayamba wakhala ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, ndipo sukulu yake ya Overtoun idaphunzitsa anyamata ukalipentala, umisiri wa miyala ndi kusindikiza mabuku. Nyumba yake ya miyala ikadalipo, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial, chomangidwa cha m'ma 1910, chikutumikirabe anthu a m'mapiri ndi a kunyanja, kufikira a ku Tcharo amene amayenda pa bwato kapena pansi. Poyang'ana makoma a njerwa amenewo tidakumbukira kuti mmisiri aliyense amene adaŵamanga adaphunzira ntchito yake kachigawo kamodzi pa nthaŵi, mphunzitsi atamgwira dzanja, monga momwe mtsikana wa ku Phoka adaphunzirira kutsuka mbale.

Pokhala pafupi ndi chipatala, tinene za thupi. Mwana amene adali wodekha akayamba mwadzidzidzi kudzimenya kumutu kapena kukuwa usiku, chinthu choyamba si kope ai, koma kumpimitsa. Dzino lobooka, khutu lotukusira, kudzimbidwa, malungo ndi khunyu zimaŵaŵa mwana wosalankhula monga zimaŵaŵira ife, koma iye sangathe kuloza pamene pakupweteka. Makolo ambiri amapempha mankhwala ogonetsa. Pa zimenezi pali phunziro: mu 2008 Peter Tyrer ndi anzake adafalitsa zotsatira za kuyesa kwao pa anthu akuluakulu 86 a nzeru zochedwa amene ankachita ndeu, ku England, ku Wales ndi ku Australia. Ena adalandira risperidone, ena haloperidol, ena mapiritsi opanda mankhwala m'kati, ndipo patapita milungu 4 ndeu idachepa m'magulu onse atatu, gulu la mapiritsi opanda kanthu osatsalira m'mbuyo. Mankhwala ali ndi malo ake, makamaka pa khunyu, pamene sayenera kudukizidwa, ndi pamene dokotala waona kuti moyo uli pangozi. Koma saphunzitsa mwana kupempha madzi.

Tinenenso kuti si khalidwe lililonse lachilendo limene liyenera kuchotsedwa. Mwana wogwedeza thupi, wokupiza manja kapena wopota kachingwe sapweteka munthu, ndipo nthaŵi zambiri akudzitonthoza. Msiyeni. Mphamvu zanu zipite pa zimene zimampweteka iye kapena ena, ndi zimene zimamtsekera kunja kwa sukulu ndi kwa anzake.

Thandizo la akatswiri liliko, ngakhale lili patali ndi midzi yambiri. Ku Mzuzu, makilomita oposa 60 kuchokera pa boma la Rumphi, kuli a St John of God, abale a mpingo wa Katolika amene adafika kumeneko mu 1993 nayamba ntchito ya matenda a maganizo, ndipo ali ndi malo othandizira ana olumala ndi makolo ao. Dr Charles Masulani-Mwale wa kumeneko, pamodzi ndi anzake, adafufuza za makolo a ana a nzeru zochedwa m'Malaŵi, ndipo mu 2018 adalemba kuti pafupifupi makolo 4 mwa 10 alionse amene adafunsidwa adali ndi nkhaŵa yolemetsa mtima; pambuyo pake adakonza maphunziro a makolo otchedwa Titukulane. Nalo bungwe la WHO lili ndi maphunziro a olera ana otere, amene adayesedwa ku Ethiopia ndi ku Kenya, ndipo maziko ake ngomwewo: amene amakhala ndi mwana tsiku lonse ndiye ayenera kupatsidwa luso.

Chiŵerengero cha makolo olemedwacho chikutikhudza ife a mumpingo. Mai wa ku Nkhamanga adatiuza kuti adakhala zaka zitatu osaloŵa m'tchalitchi, chifukwa mwana wake ankakuwa nyimbo ikayamba ndipo anthu ankacheuka. Amai a Umanyano, amene kwina timati a Chigwirizano kapena a Mvano, ndiwo adamchotsa manyazi. Adamsungira malo pafupi ndi khomo, kutali ndi kwaya, kuti mwana akalemedwa atuluke naye popanda kudutsa pakati pa anthu. Adayamba ndi mphindi zochepa, naonjezera Sabata ndi Sabata. Ndipo abusa adafotokozera mpingo wonse za mwanayo, makolo ake atavomera. Palibe ndalama imene idaonongeka pa zonsezi.

Potsikira kunyanja

M'maŵa tidaima pa mathithi a Manchewe, pamene madzi amagwa mamita oposa 100, kenaka tidatsika ndi mseu wa Gorodi, wokhotakhota malo okwana ngati 20, galimoto ikuyenda ngati nkhalamba, kufikira tidatulukira ku Chitimba m'mphepete mwa nyanja. M'njiramo tidapangana zimene tidzakuuzeni.

Kwa inu makolo amene muli ndi mwana wotere: mpimitseni kuchipatala poyamba, gulani kope, mulembe zinthu zitatu zija kwa milungu iŵiri, sankhani khalidwe limodzi lokha loti muyambe nalo, mphunzitseni njira yopemphera imene ili yosavuta kuposa kudziluma, kaya ndi kapu, chithunzi, chizindikiro cha dzanja kapena liu limodzi, ndipo muiyankhe msanga nthaŵi zonse, muuzenitu zimene zikudza, pakuti zodzidzimutsa zimamsautsa, ndipo musaleke pa mlungu woipa uja. Kumene kuli mtsinje, moto kapena mseu, mpanda ndi maso a munthu ndizo zotchinjiriza, osati chingwe. Ena mwa anaŵa adzalankhula, ena sadzalankhula moyo wao wonse, ndipo sitikulonjeza kuti autism idzatha. Koma palibe mwana amene sangaphunzire kanthu.

Kwa inu akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande Sukulu: ŵerengani mabanja a m'dera lanu, muone amene adaleka kubwera, ndipo mufunse chifukwa chake musanaŵalembe m'buku la ofooka. Kwa inu achinyamata: lekani kutcha anaŵa maina achipongwe ndi kuŵaputa kuti museke, ndipo muletse ang'ono anu. Mutu umodzi susenza denga. Panganani aŵiriaŵiri, mupite Loŵeruka m'maŵa kwa mai amene ali ndi mwana wotere, mumfunse kuti mwana wake amapempha motani madzi ndipo amaopa chiyani, ndipo mukhale naye mwanayo maora aŵiri, kuti mai ake apite kumunda, kuchigayo kapena kumaliro monga anzao onse.